Makhadi ndi timabuku ta giredi 1 ta ku Down Shops: ndagwiritsa ntchito matemu awiri

Chipitire ndi makhadi anga ophunzitsira kuwerenga ku msonkhano wa aphunzitsi a m'zoni yathu, foni yanga sikupuma. Wina akufunsa kumene ndinawagula, wina mtengo, wina akuti kodi akuthandizadi kapena ndi zokongoletsa khoma kuti akuluakulu akabwera kudzayendera aone kuti m'kalasi muli zinthu. Ndiye ndati ndilembe kamodzi ndipume. Ndimaphunzitsa giredi 1 pa sukulu ina ya kumudzi cha kumsewu wa ku Chadiza, m'kaundula ndili ndi ana 78, ndipo phukusi la makhadi ndi timabukuli ndakhala nalo matemu awiri athunthu. Dzina la shopu sinditchula, chifukwa pali zina zimene ndidandaule ndipo eni ake ndi anthu amene ndimawapatsa ulemu. Ndi kashopu ka fotokope ndi zolembera, kumbali ya ku Down Shops mu Chipata. Mukafunsa aphunzitsi a m'tauni akulozerani.

Eni shopu ndi amayi ena achikulire amene anapuma pantchito ya uphunzitsi. Anaphunzitsa ana aang'ono zaka zambiri, kenako ankaphunzitsanso aphunzitsi anzawo. Mdzukulu wawo ndiye amakhala pa kompyuta. Tsiku limene ndinapitako ndinkafuna manila ndi zolembera za mitundumitundu basi. Ataona zimene ndikugula anandifunsa kuti, “Mwanawe, manila onsewa ukalemba usiku ungati?” Ndinaseka, chifukwa anali atandigwira. Anatulutsa kathumba ka pulasitiki pansi pa kauntala n'kuyala zonse patebulo: makhadi a zilembo a mitundu iwiri, akuluakulu a mphunzitsi ndi ang'onoang'ono a ana, tchati lalikulu la maphatikizo, timabuku 12 tosiyanasiyana, kalikonse makope asanu, ndi kabuku ka mphunzitsi ka masamba 16. Zonse pamodzi zinali K480. Ndinalipira ndi ndalama za m'thumba mwanga. Ahedi anati adzandibwezera ndalama za sukulu zikabwera, ndipo mpaka lero timapatsana moni bwinobwino, nkhaniyo osaikhudza.

Kuti mumvetse chifukwa chimene ndinatulutsira ndalamazo, muyenera kudziwa kumene tachokera. Ine ndinayamba ntchito mu 2010, nthawi ya New Breakthrough to Literacy. Amene munalipo mukukumbukira bokosi lija la makhadi a mawu, zithunzi zikuluzikulu zokambirana, ndi kugawa ana m'magulu anayi. Mwana ankanena chiganizo chake, n'kuchipanga ndi makhadi a mawu athunthu. Zinali zokoma kuona, koma makhadi akatayika kunalibe kokagula, ndipo ana ambiri ankangoloweza maonekedwe a mawu ngati akuloweza nkhope ya munthu. Mu 2013 unduna unatulutsa ndondomeko yatsopano ya kuwerenga, ndipo kuyambira 2014 tinayamba Primary Literacy Programme, yoti mwana ayambe ndi mvekero wa chilembo, aphatikize, kenako mawu, kenako chiganizo. M'mawekishopu anatiuza za mizati isanu ya kuwerenga imene akatswiri a ku America anaiika mu lipoti lawo la mu 2000: kumva kamvekedwe ka mawu, kulumikiza mvekero ndi chilembo, kuwerenga mosadodoma, kudziwa mawu ambiri, ndi kumvetsa zimene wawerenga. Mizatiyi ndikhoza kuitchula ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku. Kenako kunabwera Catch Up, imene inayesedwa koyamba mu 2016 kuno ku Chipata ndi ku Katete pamodzi ndi Monze ndi Pemba, njira yochokera ku bungwe la Pratham ku India, yogawa ana a giredi 3 mpaka 5 malinga ndi pamene afika osati kalasi imene ali. Mu 2019 kunabweranso Let's Read, pulojekiti ya kuwerenga ya bungwe la boma la America la USAID, ndipo chigawo chathu cha Kum'mawa chinali m'gulu la zigawo zisanu zimene inafikako.

Nzeru ndiye tapatsidwa zambiri, sindingakane. Vuto langa nthawi zonse lakhala Lolemba m'mawa. Wabwera ku wekishopu mutu utadzaza, walowa m'kalasi, ana 78 akukuyang'ana, ena pa desiki anayi anayi, ena pansi, m'manja uli ndi choko chokha. Chiyambire maphunziro aulere mu 2022 ana anachuluka, ndipo ndi chinthu chabwino, koma mabuku amene tinali nawo anang'ambika msanga chifukwa buku limodzi limadutsa m'manja ambiri. Zimene ofufuza anapeza zikhoza kukhala zoona zenizeni, koma ngati palibe wozisandutsa chinthu choti ndinyamule m'manja pa 07:30, zimathera mu fayilo ya mu ofesi. Amayi aja ntchito imene agwira ndi yomweyo, ndipo pa mbali imeneyi aigwira bwino kuposa mmene ndinkayembekezera.

Kabuku ka mphunzitsi ndi kamene kanandigwira mtima poyamba. Mulibe mawu akuluakulu. Tsamba lililonse ndi sabata imodzi, ndipo akuuza kuti nyamula khadi ili, nena chakuti, ana anene chakuti, ukaona mwana akulakwitsa mwakuti, chita chakuti. Pa tsamba loyamba penipeni analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti usaphunzitse mayina a zilembo a Chingerezi pa nthawi ya Chinyanja. Izi zinandikhudza chifukwa ndi matenda amene ndimalimbana nawo chaka chilichonse. Mwana amabwera ataloweza kale nyimbo ija ya zilembo za Chingerezi kwa achimwene ake kapena ku sukulu ya mkaka. Ukamuonetsa a, akuti “e”. Ukamuonetsa e, akuti “i”. Ukamuonetsa i, akuti “ayi”. Mavawelo atatu mwa asanu asokonekera asanayambe n'komwe. Ofufuza a pa University of Zambia pamodzi ndi a ku Jyväskylä ku Finland, amene anayesa masewero a pafoni otchedwa GraphoGame m'masukulu a ku Lusaka, anakumana ndi chisokonezo chomwechi. Chinyanja ndi chilankhulo chosavuta kuwerenga, chifukwa a ndi a paliponse pamene wamupeza, sasintha ngati wa m'Chingerezi. Mwana akagwira mvekero, njira yatseguka. Koma ukamusiya kuti k azimutchula “kei”, mawu oti kalulu adzakhala nawo mpaka dzuwa kulowa.

Makhadi akuluakulu ali ndi kanzeru kamene ndinkakasowa. Mavawelo ndi ofiira, zilembo zinazo ndi zakuda, ndipo kumbuyo kwa khadi lililonse kuli mawu atatu oyamba ndi mvekero umenewo, kuti ukaimika khadi kutsogolo kwa ana usayambe kukanda mutu kufuna chitsanzo. Ndimaitana ana awiri, wina ndimupatsa m, wina a. Aima motalikirana, wa m akung'ung'udza “mmmm” uku akuyenda pang'onopang'ono mpaka agunda phewa la mnzake, kalasi yonse n'kufuula “ma!” Kenako wa a akhala pansi, pabwera wa e. Masabata oyamba kunali phokoso moti aphunzitsi a giredi 2 anabwera kudzasuzumira pawindo kuti kapena ana akumenyana. Zimenezi ndikanatha kuchita ndi makatoni a sopo odula ndekha, n'zoona, ndipo ndakhala ndikuchita. Kusiyana kwake n'kwakuti zilembo za pa makhadiwa n'zofanana ndi za m'timabuku, a wake ndi yemwe uja wozungulira amene mwana amalemba, osati wa mutu wopindika wa pa kompyuta. Kanthu kakang'ono, koma mwana wa zaka 7 akaona a wamitundu iwiri amaganiza kuti ndi zilembo ziwiri.

Koma chimene ndinganene kuti ndalama yanga inagwira ntchito ndi timabuku. Kabuku kalikonse kali ndi masamba 8, ndipo kanalembedwa ndi zilembo zokhazo zimene mwana waphunzira kale. Koyamba kali ndi mavawelo ndi m ndi k basi. Kachitatu kawonjezera t, n ndi l. Mwana safunika kuloweza kapena kuyang'ana chithunzi n'kuganizira, mawu aliwonse akhoza kuwang'amba yekha n'kuwaphatikiza.

Ndili ndi kamnyamata kena ka zaka 10 kamene kanayamba sukulu mochedwa chifukwa kankaweta ng'ombe za amalume ake. Ndi kamtali kuposa anzake onse, kamakhala kumbuyo, ndipo temu yonse yoyamba sikankatsegula pakamwa. Tsiku lina mu Juni, kukuzizira, ndinagawa kabuku kachitatu ku gulu lake. Ndinaima pambali pake ndikuyang'ana gulu lina, koma khutu lili kwa iye. Anaika chala pansi pa mzere. “A… ta… te. Atate. A… li… ma. Atate alima.” Anatembenuza tsamba. “Amama a… to… la ma… ka… la.” Tsamba lotsatira anatenga nthawi. “A… ma… lu… me. Amalume a… ka… na ku… li… ma.” Anakhala chete pang'ono, kenako anaphulika kuseka, n'kugwedeza mnzake: “Iwe, amalume akana kulima!” Gulu lonse linaseka, wina n'kunena kuti kwawonso ali nawo amalume otere, amangokhala pa bawo. Palibe amene anamuuza kuti chiganizocho n'choseketsa. Pa tsambalo chithunzi ndi cha bambo atakhala pampando, chimene sichikanamuuza kanthu. Anaseka chifukwa anamva zimene wawerenga, ndipo mzati wachisanu uja wa ku wekishopu ndinauona ndi maso tsiku limenelo. Amene analemba timabukuti amadziwa kuti ngakhale uli ndi zilembo khumi zokha, nkhani iyenera kukhala ndi kamchere.

Tsopano zodandaula, ndipo zilipo ndithu.

Choyamba chinandikwiyitsa. Pano ndikulemba ndi ch monga amalembera anzathu a ku Malawi, chifukwa ambiri amene amawerenga zinthu pa intaneti anazolowera choncho. Koma m'kalasi kuno ku Zambia timalemba c yekha: cinthu, cimanga, Cinyanja. Ch timamusungira mvekero wina wotuluka ndi mpweya. Makhadi a phukusili ndi timabuku tiwiri, ka 7 ndi ka 9, zinabwera ndi ch paliponse. Zikuoneka kuti mdzukulu uja anatenga zina pa zipangizo za ku Malawi osasintha kalembedwe, ndipo agogo ake sanazione. Malire a Mwami ali pafupi, chilankhulo ndi chimodzi, koma mwana wanga pa mayeso a sabata ya 10 ya temu akalemba “chule” pamene buku la boma likuti “cule”, ndani amuyankhira? Ndinazindikira nditagawa kale kabuku ka 7, mtsikana wina wochenjera atandifunsa kuti, “Madamu, uyu h abwera kudzatani?” Ndinatolera tonse, n'kukhala madzulo awiri ndikufufuta ndi inki yoyera.

Chachiwiri ndi zithunzi za pa makhadi a ana. Khadi la g lili ndi chithunzi cha galu. Ana anga ambiri kunyumba amalankhula Chingoni cha kuno, chimene chimayenda ngati Chinsenga. Nditaimika khadilo theka la kalasi linafuula kuti “imbwa!” Ndiye mwana akuona g, pakamwa pakutuluka i. Khadi la ny lili ndi nyumba, iwo akuti “ng'anda”. La m lili ndi madzi, iwo akuti “manzi”, apo tinapulumuka poti zonse zimayamba ndi m. Sindikunena kuti ana asaphunzire mawu oti galu, ayenera kuwadziwa. Koma chithunzi cha pa khadi la mvekero chiyenera kukhala cha chinthu chimene mwana aliyense amachitchula mofanana, kuti chimuthandize kukumbukira osati kumusokoneza. Ine pa g ndinamata chithunzi cha galimoto. Anzanga a ku Petauke ndi ku Lundazi, kumene ana amabwera ndi Chinsenga ndi Chitumbuka, muyang'ane khadi lililonse musanalipereke kwa ana, chifukwa kwa inu zikhoza kuchuluka kuposa kwa ine.

Palinso kabuku ka 4 kamene pa tsamba lomaliza kali ndi mawu oti nkhuku, pomwe nkh amaphunzitsidwa kutsogolo kwambiri. Ana anafika pamenepo n'kuima ngati ngolo yatitimira m'matope. Ndi mawu amodzi okha, koma akuswa lamulo limene kabukuko kakuimirapo.

Tchati lalikulu lija musagule. Ndi lokongola kwambiri mukaliona mu shopu, chikomekome cha mkuyu. Aikapo maphatikizo onse pa pepala limodzi, ndiye zilembo zake n'zazing'ono moti mwana wa pa mzere wachitatu saona kanthu. Pulasitiki yake imanyezimira dzuwa likalowa pawindo, ndipo pofika mu Malichi, ndi chinyezi cha mvula, inayamba kutukumuka m'makona, chiswe n'kupeza polowera. Pano ndinalidula m'zidutswa, gulu lililonse limatenga mzere wake. Likuthandiza bwino lili lodulidwa kusiyana ndi pamene linali lathunthu.

Nkhani ya kuchuluka kwa ana ndiyo imene amayi aja akuoneka kuti anaiwala, kapena m'masiku awo makalasi sanali otere. Makope asanu a kabuku kamodzi pa ana 78 ndiye kuti ana 15 kapena 16 pa kope limodzi. Sizitheka. Ndinagula makope ena 10 a kabuku kalikonse mwa timabuku tinayi toyamba, pa K5 kope limodzi, ina K200 imeneyo, ndipo ndimachita mosinthana: magulu ena ali ndi timabuku, ena ali ndi makhadi ang'onoang'ono akupanga mawu pansi, ena akulemba. Kumapeto kwa kabuku ka mphunzitsi kuli pepala loyesera mwana mmodzimmodzi, awerenge zilembo, maphatikizo ndi mawu kwa mphindi imodzi iwe ukuchonga. Pepalalo ndi labwino, limakuonetsa msanga amene watsalira ndi pamene watsalira. Koma akuti uziyesa kalasi yonse Lachisanu lililonse. Kumuitana mwana, kumukhazika mtima pansi, kuwerenga ndi kulemba zotsatira zimatenga mphindi zitatu. Kuchulukitsa ndi 78 ndi pafupifupi maola anayi, ena onse akuchita chiyani nthawi imeneyo? Ine ndimayesa ana asanu ndi atatu patsiku pa nthawi yopuma, ndiye mwana aliyense ndimamufikira kamodzi pa masabata awiri. Amene ndawaona kuti atsalira ndimawakhazika kutsogolo, osayang'ana msinkhu, nzeru imene ndinabwereka kwa anzanga a Catch Up.

Dziwaninso kuti phukusili ndi la Chinyanja chokha. Ndi silabasi yatsopano imene inayamba ndi giredi 1 mu 2025, Chingerezi chapatsidwa malo aakulu kuyambira pachiyambi, ndipo pa mbali imeneyo mulibe chokuthandizani muno. Kwa ine si vuto lalikulu, chifukwa ndaona ndi maso anga kuti mwana amene wagwira kuphatikiza m'chilankhulo chimene amamva savutika kwambiri akafika pa Chingerezi. Koma musagule mukuyembekezera zonse ziwiri.

Za kalandiridwe ka makasitomala, ndinene zoona mbali zonse. Makope owonjezera aja anandiuza kuti ndikatenge Loweruka. Ndinakwera njinga yamoto kuchoka kusukulu, ndalama yopita ndi yobwerera, n'kukapeza kuti sanasindikize chifukwa magetsi kunalibe kuyambira m'mawa. Za magetsi tonse tikuzidziwa, sindiwaimba mlandu, koma nambala yanga anali nayo, akanatha kundiimbira ndisananyamuke. Mdzukuluyo anangoti “mubwere Mande” maso ali pa foni, ngati kuti Lolemba ine ndimakhala ndilibe ana oti ndiphunzitse. Koma pa nkhani ya ch ija, nditapita ndi kabuku n'kuwaonetsa amayiwo, anavala magalasi, n'kuwerenga tsamba lonse mwakachetechete, kenako anati, “Apa talakwa ndife, aphunzitsi. Zaka zonse zija ndakhala ndikuchonga ana pa chinthu chomwechi.” Anatenga pensulo n'kundiuza kuti ndiwauze zina zonse zimene ndapeza. Tinakhala pafupifupi ola lathunthu, makasitomala a fotokope akudikira, tikudutsa khadi limodzilimodzi. Za imbwa anaseka mpaka kupukuta misozi. Za nkhuku anakana poyamba, akuti ana amawadziwa mawuwo, ine n'kuwakumbutsa zimene analemba okha pa tsamba lachiwiri la kabuku kawo, kuti kudziwa mawu pakamwa si kuwawerenga. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kulemba mzere pa nkhukuyo. Timabuku tiwiri tija anandisinthira ulere.

Ndiye amene mukufunsa ngati mugule: ngati muli ndi giredi 1 kapena 2, gulani makhadi akuluakulu, kabuku ka mphunzitsi, ndi timabuku toyamba tinayi kapena tisanu ndi kamodzi, makope ochuluka mmene thumba lingalolere. Amalola kugula mosankha, simukakamizidwa kutenga phukusi lonse. Makhadi ang'onoang'ono a ana mukhoza kudula nokha pa makatoni, ana a giredi 6 akuthandizani kulemba masana amodzi. Musanalipire tsegulani ka 7 ndi ka 9 muone ngati akupatsani tokonzedwa, chifukwa takale tija ndinaona tidakali pa shelefu. Ndipo mugule kachidebe ka pulasitiki kotseka bwino, chifukwa mapepala ake ndi wamba, makoswe a m'kabati ya sukulu sasankha.

Mwa makope 100 amene ndinali nawo, atsala 91. Ena anang'ambika, awiri anasowa. Limodzi ndi la kabuku ka 5 limene kamnyamata kanga ka ng'ombe kanandipempha Lachisanu lina kuti kapite nalo kubusa. Lolemba kanabwera nalo kona imodzi kulibe, thole litatafuna, iko kakunjenjemera poganiza kuti ndikakwapula. Ndinakafunsa kuti pa tsamba lodyedwalo panalembedwa chiyani. Kananena chiganizo chonse, ndipo ndinakapatsa pensulo kuti kalembe pamalo pamene patsala. Kanalemba b moyang'ana kumbuyo, ndiye sabata ino tili pa b ndi d.